Chifukwa chake ndowa ya pamutu siipweteka msana ngati ndowa yonyamula chowerama

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti mayi anu amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, mtunda wautali ndithu, osadandaula chilichonse, pamene inu msana unakugwirani pongonyamula ndowa yomweyo pansi n'kuiika m'galimoto. Ena amayankha kuti amayi anangozolowera. Kuzolowera kulipo, sindikukana, koma nkhani yaikulu yagona pa malo amene katunduyo ali poyerekeza ndi msana, osati pa kulemera kwake kokha.

Madzi a malita 20 amalemera makilogalamu 20, kaya ali pamutu kaya ali m'manja. Chimene chimasintha ndi ntchito imene minofu ya kumsana iyenera kugwira kuti munthu asagwe chafufumimba. Msana ndi timafupa tosanjikizana, 7 m'khosi, 12 pamene pagwira nthiti, ndi 5 m'chiuno, ndipo pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa konga mphira kamene madokotala amakatcha disiki. Mukawerama, timafupa ta m'chiuno timakhala ngati mwala uja timaika pansi pa mtengo pofuna kuzula chitsa. Aliyense amene anazulapo chitsa amadziwa kuti mbali yaitali ya mtengowo ndi imene imapambana. Tsoka lake n'lakuti m'thupi mwathu mbali yaitali ili kwa katundu, pamene minofu yapatsidwa mbali yaifupi, chifukwa minofu yowongola msana imadutsa masentimita pafupifupi 5 okha kumbuyo kwa malo amene msanawo umapindikira. Tsono ngati ndowa ili masentimita 40 kutsogolo kwa chiuno chanu, minofuyo iyenera kukoka ndi mphamvu yochuluka kasanu ndi katatu kuposa kulemera kwa ndowayo, kutanthauza mphamvu yofanana ndi makilogalamu 160. Apa sitinawerengereko mutu, chifuwa ndi manja anu, zimenenso zalendewera kutsogolo ndipo minofu yomweyo ikuzigwiriza. Kukoka konseku kumafinya madisiki a pansi penipeni pa msana, ndipo mpake kuti ambiri amaloza pomwepo akamati chiuno chikuwawa.

Zimenezi si zongoganizira. Giovanni Borelli wa ku Italy anaziwerengetsera kale m'buku lake limene linatuluka m'chaka cha 1680, ndipo m'chaka cha 1999 Hans-Joachim Wilke ndi anzake ku Germany anaika kachipangizo koyezera m'disiki ya m'chiuno ya munthu wina wodzipereka, kenaka n'kumunyamulitsa katundu wa makilogalamu pafupifupi 20, wofanana ndendende ndi ndowa yanuyo. Atanyamula chowerama, msana utapindika, kufinyika kwa disikiyo kunaposa kanayi mmene kumakhalira munthu akangoimirira. Atapinda mawondo kunatsikako, koma pamene anaugwira katunduyo moukumbatira pathupi, kufinyikako kunali pafupifupi kawiri kokha. Anayeza munthu mmodzi, choncho manambalawo tisawatenge ngati lamulo, komabe akugwirizana bwino ndi masamu a mtengo ndi chitsa aja. Kwa ine phunziro lake n'lakuti kuyandikiza katundu kuthupi n'kofunika kuposa kupinda mawondo kumene anthu amakonda kulalikira.

Tsopano onani mayi anu. Ndowa ikakhala pamutu, ili pamwamba penipeni pa msana, moti mbali yaitali ija yatheratu. Kulemera kumatsika molunjika kudzera m'khosi, m'chiuno, mpaka kumapazi, ngati mmene denga limakhalira pamzati, ndipo minofu imangogwira ntchito yochepa yoti ndowa isapendekeke. Nkhata nayo imamwaza kulemerako pamalo otakasuka a mutu ndi kukhazika bwino ndowayo. M'chaka cha 1986 Geoffrey Maloiy wa ku yunivesite ya Nairobi ndi anzake anayeza amayi a mtundu wa Luo, amene amasenza pamutu ngati kwathu kuno, ndi a mtundu wa Kikuyu, amene amaberekera katundu kumsana ndi lamba wodutsa pamphumi. Anapeza kuti amayiwo ankatha kuyenda ndi katundu wolemera gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lawo popanda kugwiritsa ntchito mpweya wochuluka kuposa poyenda chimanjamanja. Pambuyo pake ena mwa ofufuzawo anafotokoza kuti poyenda thupi limakwera ndi kutsika pang'ono ngati katungwe, ndipo amayiwo ankayenda mwa njira yakuti mphamvu ya kutsikako iwakankhire kutsogolo mosataya yambiri. Tisathamangire kunena kuti kusenza n'kwaulere, chifukwa kafukufuku wina wa pakati pa amayi achiXhosa ku South Africa sanapeze phindu lomwelo mwa onse, ndipo ambiri mwa iwo anadandaula za khosi. Timafupa ta m'khosi n'tating'ono, ndipo mutu pawokha umalemera kale makilogalamu pafupifupi 5.

Pali chinthu china chimene mwina simunachilabadire. Pamjigo mayi anu kawirikawiri sadzisenza okha, amaitana mnzawo kuti awasenzetse, ndipo akafika pakhomo amafuna wowatula. Nthawi yoopsa kwambiri, yochotsa ndowa pansi, amagawana anthu awiri. Inu munaichita nokha, ndipo ndikukhulupirira kuti munawerama, munatambasula manja kuti ndowa ifike mkati mwa galimoto, kenaka munapotoza chiuno mapazi ali pamalo amodzi. Kuwerama kophatikiza ndi kupotoka ndi kumene disiki silikupirira bwino, makamaka m'mawa pamene madisiki amakhala atamwa madzi usiku wonse n'kufufumako.

Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, linaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu amene wantchito anganyamule zinthu zonse zili bwino, katunduyo ali pafupi ndi thupi. Thumba lathu la chimanga kapena la feteleza ndi la makilogalamu 50, choncho achinyamata okweza matumba m'malole amachita bwino akamalandira thumba paphewa kuchokera kwa anzawo m'malo molizula pansi okha. Ulendo wina, achimwene, yandikirani ndowa mpaka ikhale pakati pa mapazi anu, dzukani nayo ili pafupi ndi mimba, ndipo tembenukani ndi mapazi, osati ndi chiuno.

Za ululu umene muli nawo panopa, kawirikawiri umachepa m'masabata ochepa, ndipo kuyendayenda pang'onopang'ono kumathandiza kuposa kugona tsiku lonse. Koma ngati ululuwo ukutsikira kumwendo mpaka kupitirira bondo, kapena phazi layamba dzanzi ndi kufooka, pitani kuchipatala akakuoneni. Ngati mwayamba kuvutika pokodza, kapena dzanzi lafika pakati pa ntchafu, musadikire kuti kuche, pitani nthawi yomweyo.