Mwakweza liwiro la purosesa koma Cinebench ikupereka zochepa: vuto lili pati?

Mnyamata wina wa ku Kapata kuno ku Chipata wanditumizira imelo ali wokhumudwa. Ali ndi purosesa ya Ryzen 5 3600 pa motherboard (bodi lalikulu la kompyuta) ya B450, RAM ya DDR4-3200 timitengo tiwiri, ndi cooler yaing'ono ija ya Wraith Stealth imene imabwera m'bokosi. Analowa mu BIOS, mmene mumasinthidwira zoikamo za motherboard, n'kuika ma core onse 6 a purosesayo pa liwiro la 4.2 GHz, voteji n'kuikweza kufika 1.4. Atayesa ndi Cinebench R23, pulogalamu yoyezera mphamvu ya purosesa, zotsatira zinatsika kuposa poyamba. Funso lake n'lakuti, kodi purosesa yawonongeka?

Achimwene, mtima pansi. Sindikukhulupirira kuti yawonongeka, koma voteji imeneyo muitsitse lero lomwe. Anthu amaona purosesa iyi ikudzikwezera voteji kupitirira 1.4 ikakhala pa ntchito yopepuka, n'kuganiza kuti palibe vuto kuikhomerera pomwepo. Zimenezo imachita kwa kanthawi kochepa, magetsi odutsamo ali ochepa. Kuikakamiza kukhala pa 1.4 ma core onse akugwira ntchito yolemetsa kumaitenthetsa kwambiri ndiponso kumaifooketsa pang'onopang'ono.

Chimene muyenera kumvetsa n'chakuti nambala imene mwalemba mu BIOS si liwiro limene purosesa ikuthamangadi. Tsitsani pulogalamu yaulere ya HWiNFO64, mutsegule gawo la masensa, muyambitse Cinebench, kenako muyang'ane mzere wolembedwa Core Effective Clocks. Mukapeza kuti pamwamba pakuoneka 4200 MHz koma pa mzere umenewu nambala ili pansi, ndiye kuti purosesa ikubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Yang'ananinso kutentha. AMD inaika malire a Ryzen 5 3600 pa madigiri 95, ndipo ikafika pamenepo imadziteteza pochepetsa liwiro, nthawi zina kompyuta n'kuzima kumene. Cinebench R23 imathamanga mphindi 10 mwadala, kuti kutentha kuonekere. N'chimodzimodzi wa njinga yonyamula anthu amene wayamba chitunda ndi mphamvu zonse dzuwa lili paliwombo: asanafike pakati wayamba kale kupuma mwabefu.

Apa nyengo yathu ikutikhudza. Amene mumawaonera pa YouTube ambiri amayesera makompyuta awo m'zipinda zozizira. Inu muli m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, mpweya umene fani ikukoka ndi wotentha kale, ndipo fumbi la chilimwe latseka timipata ta cooler. Wraith Stealth inapangidwira purosesa ya mawati 65 yosakwezedwa liwiro, basi. Pemererani fumbi, musinthe thermal paste, phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi cooler, ngati yauma, ndipo ndalama ikapezeka mugule cooler ya nsanja. Ma VRM, tizipangizo tozungulira purosesa timene timaipatsa magetsi, nawonso amatentha pa ma B450 otchipa, ndipo akatentha motherboard imatsitsa yokha liwiro. HWiNFO64 imaonetsa kutentha kwake ngati bodi yanu ili ndi sensa.

Chachiwiri chimene ndikukayikira ndi RAM. Overclock, kukweza liwiro kuja, ikakanika kompyuta n'kukana kuyaka, BIOS nthawi zambiri imabwerera pa zoikamo za kufakitale, ndipo XMP, imene imathamangitsa RAM pa liwiro lake lonse (pa ma bodi a Asus imatchedwa DOCP), imazima. Zimachitikanso kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha mphamvu magetsi n'kuthima, zomwe kuno si zachilendo. Zikatero RAM yanu ya 3200 imatsikira pa 2133 kapena 2400 inu osadziwa. Task Manager ikuonetsani liwiro lake. Cinebench siivutika kwambiri ndi RAM yochedwa, koma masewera amavutika, chifukwa pa Ryzen liwiro la Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za mkati mwa purosesa, limayendera limodzi ndi la RAM. Onetsetsaninso kuti timitengoto tili pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera pa purosesa, ngati mipata ilipo inayi.

Zina n'zazing'ono: tsekani Chrome ndi mapulogalamu ena poyesa, ndipo Windows isakhale pa Power saver.

Ndikanakhala ine, ndikanalowa mu BIOS n'kusankha Load Optimized Defaults kuti zonse zibwerere mwakale, kuyatsa XMP yokha, kuyesa Cinebench n'kulemba papepala zotsatira pamodzi ndi kutentha. Kenako kusintha chinthu chimodzi chokha, kuyesanso nthawi yofanana ya tsiku, chifukwa m'mawa ndi masana kuno si zimodzi. Kunena zoona, 4.2 GHz ndi liwiro limene Ryzen 5 3600 imafikapo yokha pa ntchito yopepuka, ndipo kudzera mu Precision Boost, njira yake yodzikwezera liwiro, purosesayi imadzikweza kwambiri ikamazizira bwino. Choncho phindu la kuikakamiza ndi dzanja n'lochepa, pomwe cooler yabwino imakupatsani liwiro popanda kuika purosesa pachiswe.

Mukayesa zimenezi munditumizire chithunzi cha HWiNFO64 chojambulidwa Cinebench ili mkati, chooneka bwino mizere ya kutentha, voteji ndi Effective Clocks, tidzaone limodzi.