Mzere wa m'wotchi unandifikitsa pakamwa pa phompho

Achimwene, mwafunsa zokathamanga m'phiri potsatira fayilo ya njira imene wina wakutumizirani. Fayiloyo musangoilowetsa m'wotchi ya GPS n'kunyamuka. Funsani kaye kuti anaikonza ndani, ndipo njirayo anaipondapo ndi mapazi ake kapena ayi. Ndikulemba manja akunjenjemera, chifukwa zimenezi zinandionekera ine, ndipo bondo langa lakumanzere limandikumbutsabe nthawi zonse ndikamatsika chitunda.

Tinalipo anthu 7. Mtsogoleri wa gulu anatitumizira GPX, fayilo imene imaonetsa mzere wa njira pa wotchi, usiku, akuti makilomita 24, kuzungulira phiri n'kubwerera pomwe tasiya magalimoto, maola atatu basi. Anachita kunena kuti poti aliyense ali ndi wotchi palibe amene angasochere. Batire langa linali pa 60%, ndinati likwana.

Pokwera zonse zinali bwino. Titadutsa makilomita 15 ndinaima kuti ndichotse kamwala mu nsapato, ndipo ndinamuuza amene anali patsogolo panga. Sizinathe mphindi ziwiri. Podzuka, anzanga kulibe, chifunga chakwera kuchokera m'chigwa, sindikuona ngakhale mtengo umene uli mamita khumi. Ndinakuwa, kunali zii. Sindinade nkhawa kwenikweni, mzere unali pamkono panga.

Ndinafika pamphambano. Kanjira koonekera bwino kanakhotera kumanja, ine ndinakatsata, koma ndisanapite patali wotchi inanjenjemera kuti ndachoka pa njira. Ndinabwerera. Mzere unkaloza kutsogolo, m'maudzu, mopanda kanjira kalikonse. Mtima unandiuza kuti apa sipadutsa anthu, koma ndinaganiza kuti mwina ndi chidule chimene mtsogoleriyo akuchidziwa. Ndinalowa. Udzu wonyowa wofika m'chiuno, pansi poterera, kutsetsereka kukungowonjezeka, mpaka ndinayamba kutsika chokhala, ndikugwira tizitsamba. Kenako phazi linaponda thanthwe la ndere, ndinaterereka, bondo linamenya mwala, ndipo chimene chinandiimitsa ndi kamtengo kamene ndinakakumbatira ndi dzanja limodzi.

Kutsogolo kwa mapazi anga kunalibe nthaka. Chifunga chokhachokha, ndi mkokomo wa madzi pansi penipeni. Mwala umene ndinaugumula unagubuduka n'kusowa, ndipo panadutsa kanthawi ndisanaumve ukugunda. Nkhongono zinazizira. Magazi akutsikira m'sokosi, malaya onyowa ndi thukuta ayamba kuzizira ngati madzi oundana, mano akuluma okha. Ndinayang'ana pa wotchi, ikuti pitirira kutsogolo, mamita 600 ukhotere kumanzere. Kutsogolo kwake kuti? Batire 14%, chifukwa kuzizira kumalifooketsa, ndiponso ndinali nditayatsa mapu ndi kuwala kwa nthawi yaitali. Kadontho kosonyeza pomwe ndili kanali kakudumphadumpha, pena kali pa mzere, pena kawoloka khwawa kali tsidya lina, ine ndili phee pamalo amodzi nditakumbatira mtengo. Nambala ya kutalika kwa pomwe ndaima inkakwera yokha. Ndinalira, achimwene, sindibisa.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinamvetsa zimene zinkachitika. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita oposa 20,000, ndipo wotchi imawerengera nthawi imene uthenga wa setilaiti iliyonse watenga kuti ufike pamkono panu. Imafuna masetilaiti osachepera anayi. Uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala, choncho kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi ndi mamita 300 athunthu. M'khwawa wotchi imaona kachigawo kochepa ka thambo, ndipo mauthenga ena amayamba agunda pathanthwe kenako n'kufika mochedwa, n'chifukwa chake kadontho kamayendayenda. Za kutalika zija, wotchi imayeza kulemera kwa mpweya. Nyengo ikamaipa mpweya umapepuka, wotchi n'kumaganiza kuti mukukwera pomwe mwangokhala.

Ndinatulutsa foni, netiweki palibe. Ndipo apa mvetsetsani, chifukwa ambiri m'gulu muno amaganiza ngati mmene ndinkaganizira ine, kuti ukavala wotchi ya GPS ndiye kuti wina akukuona. Ayi. Kaya wotchi yanu ndi ya Garmin, Coros, Suunto kapena Polar, GPS yake imangomvetsera, siyankhula. Zija zoti abale azikuonani pa mapu mukuthamanga zimadutsira mu foni, netiweki ikasowa zathera pomwepo, kupatula mawotchi ochepa atsopano otha kutumiza uthenga kudzera pa setilaiti. Pa thanthwe lija panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa pomwe ndinali.

Chinandipulumutsa ndi batani la pa wotchi lobwerera komwe wachokera. Limakupatsa zosankha ziwiri, kubwerera molunjika kapena kutsata mapazi ako. Ndi zala zouma ndi kuzizira ndinatsala pang'ono kusankha molunjika. Ndinasankha mapazi anga, ndinazimitsa kuwala, n'kuyamba kukwawa ndi manja ndi bondo limodzi. Nditangotuluka m'khwawa kadontho kanakhazikika. Mtunda wosakwana theka la kilomita unanditengera pafupifupi ola. Ndinafika pamphambano paja batire lili pa 4%, ndinatsata kanjira kakumanja kamene maso anga anasankha poyamba paja, wotchi inazima, ndipo kanjirako kanazungulira khwawa bwinobwino mpaka kumunsi. Ndinafika mdima utagwa, ndikutsimphina.

Ndiye tamverani za mtsogoleri uja. Ndinamupeza atakhala m'galimoto, wavala jekete louma, ulendo wake waukweza kale pa Strava, pulogalamu imene othamanga amaonetserana maulendo awo. Mawu ake oyamba sanali oti mwavulala kodi. Anandifunsa kuti bwanji simunatsatire mzere. Mzere wake womwewo! Titakanganakangana ndi pomwe zinadziwika kuti fayiloyo anaijambula pa kompyuta, kumangodina kadontho apa, kena apo, ndipo pakati pa timadontho tiwiri pulogalamu inalumikiza mzere wowongoka wodumpha phompho. Iye njira amaidziwa pamtima, pamphambano paja anakhotera kumanja osayang'ana n'komwe pamkono, enawo n'kumulondola. Mawotchi awo ananjenjemera onse, iye anati zisiyeni, zimatero. Ndiye kuti ankadziwa kuti fayilo ndi yolakwika, ankadziwa kuti munthu mmodzi watsalira, chifunga akuchiona, koma sanaime pamphambano, sanawerenge anthu, sanabwerere. Maola awiri anakhala m'galimoto osauza aliyense woti angathandize. Pepani sanandiuze mpaka lero. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti patangotha milungu iwiri anatumizanso fayilo yomweyo kwa anthu ena atsopano, osakonza kalikonse. Munthu wofuna kutchedwa mtsogoleri koma osafuna kudikira wotsalira, ameneyo azithamanga yekha. Ndikamuganizira mtima umandipsabe.

Ndiye wotchi musaikhulupirire. Maso anu akaona kanjira kopondedwa, wotchi n'kumakulozerani m'tchire, imani, khulupirirani maso. Tengani mapu a pepala ndi kampasi, wenzulo, tochi yapamutu ngakhale mwanyamuka m'mawa, ndi jekete lotchinga mphepo, chifukwa mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo thupi lonyowa likaima limazizira msanga kwambiri. Uzani munthu wina njira yanu ndi nthawi yoti ayambe kukufunani.

Komabe wotchiyo musaisiye, ndipo ngati mungathe pezani yolandira mauthenga pa mafunde onse awiri a GPS otchedwa L1 ndi L5, imagwira bwinoko m'makwawa ndi pansi pa mitengo. Yatsaninso Galileo, GLONASS ndi BeiDou, magulu ena a masetilaiti onga GPS, kuti iziona masetilaiti ambiri, ngakhale zimadya batire. Itchajeni mpaka 100%, musawerengere maola amene wina wakuuzani. Dikirani igwire masetilaiti musanadine batani loyambira, ndipo yambani kujambula pomwe mwasiya galimoto, chifukwa mzere wobwerera umayambira pomwe munadina. Njira yosungira batire ija, yoti wotchi izilemba pomwe muli mwa apo ndi apo, musaiyatse m'phiri. Imadula makona. Ine ndikanaiyatsa tsiku limenelo, mzere wobwerera ukanandidutsitsa pamatanthwe pomwe sindinapondepo. Chifunga chikatseka, mzere wa mapazi anu ndi umene muutsate osaukayikira.

Fayiloyo itsekuleni pa kompyuta, muikuze kwambiri. Yojambulidwa ndi munthu wothamanga imakhala yokhotakhota, timadontho tothithikana, ndipo nthawi zambiri imakhala ndi nthawi pa kadontho kalikonse. Mukaona mzere wautali wowongoka ngati wa rula, makamaka wodula mizere ya pa mapu yosonyeza kutalika kwa malo pomwe yathithikana, dziwani kuti pamenepo pali potsetsereka kwambiri ndipo palibe anapondapo. Musapite nokha ulendo woyamba, pezani munthu woti mugwirizane kuti pamphambano iliyonse muzidikirana. Ine zothamanga m'magulu ndinasiya, ndimathamanga ndekha m'njira zimene ndinajambula ndekha. Fayilo yanuyo iponyeni muno, ndiitsekula madzulo ano ndikuuzeni ngati ili ndi mizere yowongokayo.