"Shipped" sikutanthauza kuti katundu wanu ali panyanja

Mayi wina wa ku Mzuzu wandilembera imelo ali ndi nkhawa. Anagula foni pa intaneti ku Johannesburg, ndiye walandira uthenga wakuti katundu wake "has been shipped". Akufunsa kuti: "Kodi foni yanga aikweza sitima yapamadzi? Nanga idzakocheza kuti, poti kwathu kuno kulibe nyanja yamchere?"

Mayi, mtima m'malo. Foni yanuyo ili m'lole kapena m'ndege.

N'zoona kuti "ship" ndi chombo chachikulu chapamadzi. Kale amalonda a ku Britain akafuna kutumiza katundu kunja, njira inali yapamadzi basi, choncho kutumizako ankangoti "to ship". Njanji, malole ndi ndege zinabwera pambuyo, koma mawuwo anakakamira. Tisawaseke Angelezi, ifenso tinachita zomwezo. "Sitima" tinaitenga ku "steamer", chombo choyendera nthunzi, koma lero timati sitima yapamtunda ngakhale ikuyendera dizilo panjanji ya ku Nacala. Amene amalipira "shipping" yeniyeni ndi anzathu oitanitsa galimoto ku Japan, chifukwa zimadzera panyanja mpaka ku Dar es Salaam.

Poti mwandiputa, ndikuuzeninso kusiyana kwa "ship" ndi "boat". Amalinyero amati "ship" imanyamula "boat", koma "boat" singanyamule "ship". Amene anakwerapo Ilala akudziwa zimenezi ndi maso. Ikafika pamalo opanda doko imaima patali, n'kutsitsa maboti ake, anthu n'kumatsikiramo ndi matumba a ufa, ana kumsana, ena akumaliza ulendo madzi ali m'mawondo. Yaimayo ndiye "ship", otsitsidwawo ndiwo "boats". Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Lamulo la amalinyero lija lili ndi pothawira pake: sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, kaya ikule bwanji, asilikali ake amaitchabe "boat".

Mukamva Mngelezi akunena "she" uku akuloza sitima, musafunefune mzimayi. Ndi chizolowezi chawo chakale.

Koma "-ship" wa kumapeto kwa "friendship" kapena "scholarship" alibe ubale ndi zombo, angofanana kalembedwe. Amagwira ntchito ngati "u-" wathu wa mu "ubwenzi" ndi "utsogoleri". Achinyamata a pa intaneti anadulanso "relationship", moti mwana wanu akati "I ship them" ndiye kuti akufuna anthu awiriwo akhale pachibwenzi. Ine sindinawazolowere mawu amenewo.

Chomwe chimatipunthwitsa ambiri ndi katchulidwe. Chichewa chili ndi "i" mmodzi, Chingelezi chili ndi wamfupi ndi wautali. Mukakoka mawu kuti "shiip" mwatchula "sheep", nkhosa.

Za foni yanu ija, yang'anani muuthengamo nambala yolondolera katundu. Muiike pa webusaiti ya kampani yonyamulayo, idzakuuzani pamene yafika.