Kuika tayala la njinga yamoto pakhomo

Akulu, mwafunsa ngati mungaike nokha tayala pa Boxer yanu ndi kulilinganiza kulemera, osapita kwa amakanika ku Kapata. Zimatheka ndithu.

Yambani mwaona muvi uli m'mbali mwa tayala, uloze kumene gudumu limazungulira. Ngati pali kadontho kachikasu, kakhale pa valavu. M'mphepete pakani madzi a sopo. Girizi ndi oilo ayi, zimaononga labala. Chubu muchipope pang'ono musanachilowetse, chifukwa chophwa ndicho chimapanidwa ndi chitsulo cholowetsera tayala n'kubooka. Pagona nkhani ndi apa: potsendera mbali imodzi, inayo muikanikizire ndi bondo m'ngalande imene ili pakatikati pa limu. Tayala likakana, musalimbane nalo, latuluka m'ngalandemo.

Za kulemera, lowetsani ekiselo, muisanjike pa mipando iwiri, gudumu lizungulire lokha. Malo obwerera pansi nthawi zonse ndiwo olemera, ndiye matani kamtovu ka magalamu 5 pa limu, mbali ya pamwamba yoyang'anizana ndi malo olemerawo, muyesenso. Wothamanga pa tala kupita ku Katete achite zimenezi. Koma m'misewu yafumbi, chonjenjemeretsa chiwongolero nthawi zambiri ndi masipoko olefuka kapena limu yopindika, choncho yambani mwaona zimenezo.