Asuweni, musanagule kolala ina

Eee asuweni, ndaumva uthenga wanu. Mwati kolala yatsopano ya galu, ya mpanda wamagetsi wosaoneka uja, mungaipeze kuti muno mu Blantyre, eti yakaleyo yatha mphamvu. Koma inu ndimakudziwanitu. Galuyo wayambanso kutuluka, ndipo aneba aja a nkhuku abweranso pageti, ndikunama? Inu paja denga likamadontha mumathamangira kukagula ndowa. Dikirani kaye.

Mukuwakumbuka amalume ku Chilomoni? Iwonso anali ndi mpanda womwewu: kabokosi pakhoma, waya wokwiriridwa kuzungulira bwalo, kolala m'khosi mwa galu yolira galuyo akayandikira waya, akapitirira n'kumumenya shoko ya magetsi. Zinayenda bwino chaka chathunthu. Ndiye mu October, ayi, November, mvula itayandikira, anaitana mnyamata wa ganyu kuti awaungire mizere kuseri kwa nyumba. Waya uja paja sapita pansi kwambiri, masentimita 5 mpaka 8 basi, khasu limodzi anaduka. Kabokosi kanayamba kulira, chifukwa waya akaduka paliponse mpanda wonse umazima. Amalume anapapeza, napotokola nsonga ziwirizo, nakulunga ndi tepi yakuda ija, nakwirira. Kabokosi kanakhala chete, iwo n'kumati zatheka.

Mvula itabwera madzi analowa mu tepimo, kopa anayamba kubiriwira. Tsopano apa ndiye povuta, chifukwa waya sanaduke kwenikweni, amangogwirana pang'ono. Kabokosi sikalira, koma siginolo yafooka. Poyamba kolala inkalira galu ali mita imodzi ndi theka kuchokera pa waya, pano inkalira ali pamwamba pake penipeni, tsiku lina osalira n'komwe. Galu anazindikira msanga kuposa mwini wake. Amalume anatumiza ndalama kwa mwana wawo ku Johannesburg, kolala inabwera pa basi, galu kumatulukabe. Anakweza shoko mpaka kumapeto, n'kumumanga kolala usana ndi usiku. Pakhosi panatuluka zilonda ziwiri, iwo n'kumati magetsi amuwotcha. Sanali magetsi, tizitsulo tiwiri ta mkati mwa kolala tija tinkangokanikiza khungu malo amodzi kwa masabata. Azakhali ndi amene anatengera galuyo kwa dokotala wa ziweto, ndipo zimene anawauza amalume madzulo ake mukuzidziwa.

Nanga ndimati chiyani… eya. Musagule kalikonse musanamuyeze waya. Chotsani nsonga zonse ziwiri ku kabokosi, lowetsanimo kachidutswa ka waya watsopano ka mamita 3, kapange kabwalo pansi. Ikani batire latsopano mu kolala, muigwire m'manja ndi lamba wake, osakhudza tizitsulo, muiyandikize. Ikalira, ndiye kuti kabokosi ndi kolala zili bwino, vuto lili m'dothi. Ikapanda kulira, apo ndiye tikambe zogula.

Vuto likakhala m'dothi, yambani ndi malo amene munalumikizapo kale, kenaka podutsa galimoto, kenaka pamene anthu amatchetcha ndi chikwakwa. Mukapapeza dulani mbali yonse yobiriwirayo mpaka muone kopa wowala, mulumikize ndi timakapusozi tija tokhala ndi jelo mkati, toletsa madzi. Tepi ayi. Mumange kamfundo kumbuyo kwake kuti waya akakokeka asasolokoke. Pageti mumulowetse mu payipi ya pulasitiki, ngakhale hosi yakale imagwira ntchito. Ngati ndi waya wopyapyala wa geji 20 amene anabwera m'katoni, ndipo mwamulumikiza kale kangapo, ine ndikanangoika wa geji 14 kapena 16, ndi wonenepa, amapirira.

Za magetsi musaiwale. Akathima, mpanda palibe, ndipo galu akadutsa kawiri katatu osamva kanthu amayamba kuyesa tsiku lililonse. Kabokosiko kamadya magetsi ochepa, kalumikizeni ku inverter yanu ija, apo ayi magetsi akapita galu alowe m'khola. Mabingu akayamba, zulani pulagi komanso nsonga za waya ku kabokosi, chifukwa waya wautali chonchi amatha kutengera mphamvu ya mphezi mpaka m'nyumba.

Kolala isapitirire maola 12 patsiku, usiku muivule. Chala chimodzi chizilowa pakati pa kachitsulo ndi khungu, ndipo tizitsuloto muzitsuka sabata iliyonse. Batire muziyeza mwezi ndi mwezi, ambiri sapitirira miyezi itatu. Mukakonza zonse, bwezeretsani timbendera tosonyeza galu malire tija mamita 3 alionse, mumuyendetse galu pachingwe mphindi 10 kapena 15, kawiri patsiku, masabata awiri. Akamva kulira mumubweze mkati, mumuyamikire. Waiwala malire ameneyo, ayenera kuphunziranso.

China chimene chimandidetsa nkhawa: mpanda umenewu suletsa agalu akunja kulowa, ndipo chiwewe muno chilipo. Katemera wake asadumphe chaka.

Ndiye asuweni, shoko musakweze, kolala musagule, yambani ndi waya. Mwamva? Kawaya ka mamita 3 kaja choyamba, kenaka m'dothi. Mukayeza munditumizire kavidiyo ka kabokosiko ndione nyali yake ikuyaka bwanji. Anawo muwapatse moni.