Musaike ma frag thanki isanakhwime

Achimwene, mwati thanki yanu ya madzi amchere yolereramo ma frag (tizidutswa ta makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere) yatha masiku 10, madzi ali mbee, ndiye mukufunsa ngati mungayambe kuikamo makorali. Dikirani kaye. Ammonia, poizoni wochokera ku zinthu zowola, saoneka ndi maso, madzi amatha kuwala bwinobwino koma ali poizoni.

Chimene mukudikira ndi mabakiteriya. Ena amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena amatenga nitrite uja n'kumusandutsa nitrate. Tizilomboti timamatirira pamiyala, pamchenga ndi m'masefa, m'madzimo ndi ochepa. Apa ndi pamene thanki ya ma frag imavutira, chifukwa ambiri timaisiya mbulanda, pansi galasi lokhalokha ndi tizitsulo kapena timapulasitiki toikapo ma plug (timipando tomatapo ma frag). Ndiye mabakiteriya akhale pati? Ikani miyala ya mabowomabowo kapena ma ceramic media mu sump (kathanki kosefera madzi). Mukapeza mwala wochokera m'thanki yakale ya mnzanu zimafulumira, koma muuyang'anitsitse, umatha kubwera ndi aiptasia, tizilombo toluma makorali.

Kenako adyetseni mabakiteriyawo. Thirani ammonium chloride mpaka ammonia afike 2 ppm pa choyezera, musapitirire. Ena amaponyamo kachidutswa ka shrimp kuti kawole. Zimatheka ndithu, kungoti fungo lake ine ayi, komanso sudziwa kuti wathira wochuluka bwanji. Pampu ndi hita zizigwira ntchito usana ndi usiku, kutentha kukhale 25 kapena 26°C, mchere 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer (choyezera mchere). Nyali zimitsani, apo ayi mungolima ndere.

Muziyeza pakapita masiku awiri kapena atatu n'kumalemba. Muona ammonia akutsika, nitrite n'kukwera, kenako nayenso n'kugwa. Zonse zikafika 0, thiraninso ammonia. Akatha pasanathe maola 24, nitrate n'kumaoneka, basi thanki yagwira. Nthawi zambiri zimatenga masabata 4 mpaka 6. Mukatero sinthani madzi ena kuti nitrate atsike, koma osati kufika 0, makorali amafunako pang'ono.

Kumbukirani kuti madzi akamauma mchere umatsala. Ine poyamba ndinkawonjezera madzi amchere, mpaka tsiku lina refractometer inandionetsa 1.030, ndinangoti kakasi. Wonjezerani madzi a RO/DI (osefedwa ndi makina) opanda mchere. A pampopi asiyeni.

Mukayatsa nyali mudzaona fumbi lofiirira pagalasi ndi pamiyala. Amenewo ndi ma diatom, mtundu wa ndere, musachite nawo mantha, amatha okha ndipo nkhono zimawadya.

Ma frag oyamba akhale opirira, monga makorali otchedwa ma mushroom ndi ma zoa, awiri kapena atatu basi, ndipo muwaviike mu dip (mankhwala ochotsa tizilombo) musanawaike. Ma zoa muziwagwira mutavala magolovesi, ena ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, ndipo musamadzigwire m'maso. Acropora, korali yosachedwa kufa ija, muiwale kaye kwa miyezi ingapo, mpaka alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) izikhala pa 8 kapena 9 dKH osadumphadumpha, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm. Tumizani manambala a ammonia ndi nitrite a lero tione pamene mwafika.