Funsani Akatswiri: Amasinthiranji maatomu a RNA?

FUNSO: Akuluakulu, ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina kuno ku Kasungu. Ndamva kuti ofufuza RNA (ulusi wa m'maselo wofanana ndi DNA) ndi makina a NMR (ounika mamolekyulu pogwiritsa ntchito maginito) amayamba aisintha maatomu. Amatero chifukwa chiyani? Nanga zinthuzo sizitulutsa cheza choopsa?
Mphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Mtima pansi aphunzitsi, carbon-13 ndi nitrogen-15, maatomu olemererako amene amawaika m'malo mwa carbon ndi nitrogen wamba, satulutsa cheza. Nkhani ndi yakuti makinawa saona carbon-12, pomwe carbon-13 amene amamuona ndi 1.1 peresenti chabe m'chilengedwe, nitrogen-15 ndi 0.37. Komanso RNA ili ndi timagawo ta mitundu inayi basi, A, U, G ndi C, ndiye zizindikiro za mahaidrojeni a shuga wake zimaunjikana malo amodzi ngati mabelo a fodya osalembedwa nambala. Maatomu olemerawa ndiwo nambalazo.

Njira yofala inatuluka mu 1992. Amaweta mabakiteriya a E. coli m'madzi momwe chakudya ndi glucose wa carbon-13 ndi mchere wa ammonium wa nitrogen-15 basi. Akachuluka amawaphwanya, n'kudula RNA yawo m'timagawo ndi enzaimu yotchedwa nuclease P1. Timagawoto amatisefa pa boronate, yomwe imagwira ta RNA n'kusiya ta DNA, kenako maenzaimu amatiwonjezera mafosifeti kuti tikhale ma NTP, timagawo tokonzeka kumangira RNA yatsopano. Womanga ulusi watsopano wa RNA ndi enzaimu yotchedwa T7 RNA polymerase.

Apa ndiye pamagona vuto. T7 amafuna ulusi woyamba ndi G. Mukayamba ndi china, zokolola zimachepa. Kumapeto amakonda kuwonjezera kagawo kamene simunamutume, choncho ulusi wolondola muupatule pa gel (phala losiyanitsa ulusi potengera kutalika) ya urea 8 M. Mukaona madzi a m'chubu ayera mbuu, ndi pyrophosphate (chotsalira cha ma NTP pomanga ulusi) amene wagwirana ndi magnesium, ndipo enzaimu ikamanidwa magnesium ntchito imazilala. Thiranimo pyrophosphatase, enzaimu yophwanya pyrophosphate. Ma NTP awa ndi odula, ndiye yambani mwayesa muyezo wa magnesium m'timachubu ta mamaikrolita 50 ndi ma NTP wamba. Magolovesi musavule: zala zili ndi RNase, yomwe imadya RNA.

Pomaliza mufunika pafupifupi theka la mililita la madzi a RNA, la mphamvu ya 0.2 mpaka 1 mM (muyezo wa kuchuluka kwa RNA m'madzimo). Mahaidrojeni a imino, oonetsa G ndi U zimene zagwirana ndi zinzake, amapezeka pa 10 mpaka 15 ppm pa sikelo ya NMR. Muwayeze m'madzi wamba okhala ndi D2O (madzi olemera, okhala ndi deuterium m'malo mwa haidrojeni wamba) 10 peresenti yokha, pozizira. Mu D2O yekhayekha amasinthana ndi deuterium n'kuzimiririka. Ulusi ukapitirira timagawo 50, mizere ya zizindikiro za NMR imafufuma; pamenepo n'kwanzeru kuika chizindikiro pa mtundu umodzi wokha, monga G, enawo n'kuwasiya wamba.